Diripi Yachikasu

"Mwana wanu afuna kupha akulu anu, imwe muli chabe pano kuwotcha vitsulo!"

Amene anakuwa choncho anali alamu anga, akazi a akulu anga. Anandipeza nditagwada pansi pa mtengo wa mango umene unali shopu yanga ku Kalingalinga, ndikuwotcherera geti la bwana wina wa kumayadi. Nditakweza chigoba cha kumaso ndinawaona ataima pafupi ndi waya wa magetsi, chitenje atamanga cholimba m'chiuno, dengu la chakudya cha wodwala lili m'manja.

"Mwati chani, mulamu?"

"Mwamva bwino. Wachotsa diripi yamphamvu, waikapo manzi. Manzi chabe, monga ya pa pompi!"

Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo sindinabisepo. Ndinaponya chogwirira ndodo yowotcherera pansi n'kuwauza kuti mwana wanga sanakhale zaka zonse zija kusukulu ya unesi kuti adzaphunzitsidwe ntchito ndi munthu wogulitsa tomato. Iwo anati tomato yemweyo ndi amene mwanayo ankadya akabwera kwawo ku Chawama pa holide. Akalipentala oyandikana nane anasiya kupala matabwa. Mmodzi anafuula kuti, "Ba welda, zimyani makina, muzawotcha mulamu!" Onse anaseka, kupatula ife awiri.

Nkhani inali iyi. Akulu anga ankanyamula matumba pa depoti ina m'tauni, ndipo m'nyengo yozizira chibayo chinawagwira. Anawagoneka ku chipatala chachikulu, mu wodi ya amuna, momwe mwana wanga woyamba, wamkazi, anali atangoyamba kumene ntchito ya unesi. Poyamba banja lonse linati Mulungu wakonza. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, tinkaimira pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo kukhala ndi nesi wako mu wodi kunali ngati kukhala ndi mbale wogulitsa mu shopu ya boma.

Tsopano za diripi. Aliyense amene anadwazikapo matenda m'zaka zimenezo akudziwa kuti kwa ife a m'makomboni diripi zinali ziwiri basi, yoyera ndi yachikasu. Yoyera tinkati ndi ya munthu amene madokotala sakumuwerengera. Yachikasu ndiyo inali yamphamvu. Amayi odikirira odwala ankayenda mu wodi akusuzumira mabotolo a anzawo ngati akusankha nsomba pamsika, ndipo amene wodwala wake anali ndi botolo lachikasu ankakhala pabenchi msana uli chilili. Akulu anga atangogonekedwa anawaika yachikasu, poti anali atakhala masiku osadya. Alamu anauza Chawama yonse. Ndiye m'mawa wa tsiku limenelo anapeza botolo loyera likulendewera, ndipo mdala wa bedi loyandikana anawauza amene anasintha.

Ine sukulu ndinafika nayo ku sekondale. Ndinkadziwa kuti mtundu wa madzi si mankhwala. Komabe inenso botolo lachikasu linkandikhazika mtima pansi kuposa loyera. Sindikudziwa kuti tinazitenga kuti. Tinangokula nazo.

Masana ndinasamba m'manja ndi palafini, ndinavala malaya a kutchalitchi, n'kuyamba wapansi. Alamu anali patsogolo, ine pambuyo, njira yonse osalankhulana. Fumbi la mwezi umenewo limalowa mpaka m'mano. Pa geti la chipatala tinaima ndi khamu la anthu onyamula mafulasiki ndi mbale zomangidwa m'nsalu, kudikira kuti mlonda atsegule.

Akulu anga anali atawatsamiritsa pa mapilo. Munthu amene ankanyamula thumba la chimanga ngati mtolo wa udzu anali kupuma ngati mvukuto wong'ambika. Milomo inali itauma. Atandiona anasuntha maso kuloza botolo.

"Mng'ono wanga, andilanda ija yamphamvu."

Nthawi yomweyo mwana wanga anatulukira akukankha kathebulo ka matayala, chipewa choyera chili pamutu, wotchi yolendewera pachifuwa. Ndisaname, ndinanyada kaye ndisanakwiye. Kenako ndinakweza mawu ngati ndili pansi pa mango.

"Iwe, bwera kuno!"

"Mwaswera bwanji, atate," anatero, mawu ali pansi. "Muno muli odwala. Dikirani ndimalize."

Sisita wamkulu wa wodiyo anali mayi wonenepa wa ku migodi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Sanadzuke n'komwe pampando. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ba tata, ngati mufuna msonkhano wa chipani, ni panja."

Wodi yonse inaseka, ngakhale odwala amene ndinkaganiza kuti alibe mphamvu zosekera. Ndinakhala pansi. Ndipo chifukwa ndinalibe chochita, ndinayamba kuonerera manja a mwana wanga.

Anayamba ndi kuwerenga pepala lopachikidwa kumiyendo kwa bedi. Kenako anafunsa akulu anga dzina lawo. Atate ake aakulu, amene anamunyamula ali khanda! Alamu anawomba m'manja kamodzi.

"Mwaona? Waiwala na dzina!"

"Ndi lamulo, amayi aakulu. Timafunsa aliyense."

Akulu anga anatchula dzina lawo mopuma, ndipo ndinaona ngati akufuna kumwetulira.

Anatenga kabotolo ka ufa woyera, penisilini, n'kuwerenga zolembedwa mbali zonse, milomo ikugwedera. Anatenga botolo lalikulu la madzi oyera, nalonso analiwerenga, n'kulizunguliza kuona ngati wina anamatapo kachidutswa ka pulasitala kolemba kuti muli kale mankhwala ena. Munalibe. Anatambasula kapepala kopyapyala kamene kamakhala m'bokosi la mankhwala, kaja tonsefe timataya, n'kuyendetsapo chala mpaka anapeza mzere umene ankafuna. Anasungunula ufa uja ndi madzi a m'kagalasi kakang'ono, anakhutchumula, n'kukweza jekeseni kuwindo. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, akuipendeketsa uku ndi uku. Kenako anapita nazo zonse kwa sisita, kabotolo, botolo ndi pepala, ndipo sisita nayenso anawerenga n'kugwedeza mutu. Atabwerako analasa botolo lalikulu, analitembenuza pang'onopang'ono, n'kulikwezanso kuwindo. Madzi anali mbee. Analemba pa pulasitala dzina la mankhwala ndi nthawi, anamata, anapachika, n'kuima akuwerenga madontho, diso lina pa wotchi.

"Ba nesi bakale bamangolasa botolo, vapita," alamu anandinong'oneza mokweza kuti amve. "Uyu achita monga asankha mpunga."

Mwana wanga anapitiriza ntchito yake. Koma makutu ake ndimawadziwa, ndipo ndinaona kuti mawuwo amulowa. Anakonza bulangete la atate ake aakulu n'kukankha kathebulo kupita pa bedi lina, kumene anayambiranso zomwezo, kufunsa dzina, kuwerenga, kukweza kuwindo.

Belu lotulutsa alendo lisanalire, alamu ananena zimene anakonza. Ku Chawama kunali bambo wina amene kale ankakolopa m'chipatala cha ku migodi. Ankabaya anthu jekeseni kuseri kwa nyumba yake, ndipo anali ndi mabotolo achikasu, kaya ankawatenga kuti. Iye sankachedwa ndi mapepala. Mankhwala onse ankawathira m'botolo limodzi, munthu n'kugona pamkeka, botolo lili pamsomali wa pakhoma. Alamu anati akasaina kwa adokotala kuti atenga mwamuna wawo okha. Chotsala chinali galimoto, ndipo m'banja lonse galimoto inali imodzi, vaneti yanga yakale yonyamulira mageti.

"Mailo kuseni mubwere nayo," anatero, kutanthauza mawa m'mawa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe mmene ndimayankhira anthu. Koma akulu anga anandigwira padzanja. Dzanja lawo linali lotentha ngati chitsulo chongowotcherera kumene.

"Unditenge, mng'ono wanga. Ndikafere kwathu ngati n'kufa."

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi. Ndinakanganapo ndi apolisi, ndi tcheyamani wa chipani wa chigawo chathu, ndi mabwana a kumayadi, ngakhale ndi abusa. Koma munthu uyu sindinamukanirepo chilichonse. Ndiye ananditenga kumudzi ndili ndi kabudula mmodzi, kundikweza lole, kundigoneka pamkeka wake m'kachipinda ka ku Chawama mpaka ndinaima pandekha. Akandiyang'ana, ukali wanga wonse umasungunuka. Ndinangoti, "Ndamva, akulu."

Madzulo ake, dzuwa likulowa, ndinapeza mwana wanga kuseri kwa nyumba atakhala pa chitini, akupaka polishi yoyera nsapato zake za kuntchito. Amayi ake anali pa mbaula chapafupi, akukupiza makala, khutu lili kwa ife. Ndinakoka buloko n'kukhala.

"Tsopano undiuze. Unachotseranji?"

"Mukufunsa kapena mukukalipa?"

"Ndikufunsa. Ndikakalipa umadziwa."

Anaika nsapato pansi. Anati yachikasu ija ndi madzi a shuga, ndipo chikasucho ndi mavitamini amene amathiramo. Palibe china. Adokotala atadutsa m'mawa analemba kuti atate aakulu alandire penisilini wambiri kudzera mu diripi, chifukwa ndiye angagonjetse chibayo. Iye anatenga mankhwalawo, anafika pabedi, n'kuona botolo lachikasu.

"Ndiye unadziwa kuti sizigwirizana?"

"Sindinadziwe, atate. Ndinangokayika. Kusukulu anatiuza kuti ukakayika usasakanize. Werenga, ukapanda kumvetsa funsa."

Anawerenga kapepala kaja, sanakhutire. Anafunsa nesi wina wakale, amene anamuseka kuti ana a masiku ano amaopa ndi mthunzi wawo womwe. Anapita kwa sisita. Sisita anamutuma kwa amene amasunga ndi kupereka mankhwala, ndipo kumeneko anamuuza mosapita m'mbali kuti penisilini akakhala maola m'madzi a shuga osakaniza ndi mavitamini amenewo amafooka, amafera m'botolo asanafike m'thupi. Anabwerera, sisita anaitana adokotala, adokotala anasintha kulemba madzi a mchere, oyera aja. Anasintha ndi kapaipi komwe, poti kakale kanali ndi zachikasu m'kati.

"Bwanji osangopachika onse awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo? Bwenzi amayi ako aakulu ali chete."

"Mitsempha yawo yathawa. Tinavutika kupeza umodzi womwewo. Ndipo mavitaminiwo sanawasiye. Akumwa a mapilitsi, poti ayamba kumeza."

"Ndiye yachikasu akulandirabe?"

"Akulandira. Koma pakamwa, ndiye siioneka."

Amayi ake anaseka pa mbaula paja. "Ukanawapatsa mapilitsiwo pamaso pa amayi ako aakulu, n'kuwaonetsa kuti ndi achikasu."

"Ndinawauza. Anati mapilitsi ndi a mutu."

Ndinamufunsa za kuwindo kuja, kuti ankafuna kuona chiyani. Anati mankhwala ena akakumana ndi madzi osayenera amachita mitambo, ena timibulu ngati mkaka wosasa, ena amasintha mtundu. Zimenezo zikalowa mumtsempha ndi ngozi, ndiye umayang'ana nthawi zonse, ngakhale utawerenga kale. Koma anati zimenezo ndi zosavuta, chifukwa zimadziulula zokha. Zovuta ndi zimene sizioneka. Botolo limakhala lokongola, madontho akugwa bwinobwino, abale akusangalala, koma munthu akulandira madzi opanda mankhwala, matenda akukula.

Pamenepo ndinamva. Ndinamuuza kuti ku ntchito kwathu ziliko. Ukawotcherera chitsulo cha mphika ndi ndodo wamba, msoko umaoneka bwino, upake penti, mwiniwake akuthokoze. Tsiku limene chidzanyamule katundu, thyo.

"Atate aakulu si geti, atate."

"Ndikudziwa. Geti silipempha kupita ku Chawama."

Anaseka pang'ono, kenako anatenga nsapato ija n'kuyamba kupaka pamalo pamene anali atapaka kale. Ndinadikira. Mwana ameneyu sanatengere ine, mawu ake amatuluka mochedwa.

"Amayi aakulu anandipeza pakhonde," anatero. "Anati atate aakulu akamwalira, ine ndisapondeko pamaliro."

Ndinaimirira kuti ndipite ku Chawama nthawi yomweyo, koma mkazi wanga anati, "Khalani pansi, bambo. Nawonso ndi mantha. Akafa amuna awo atsala ndi ana onse aja." Ndinakhala. Zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa kuti zinali zoona.

"Ndiuze chimodzi," ndinatero kwa mwana wanga. "Akakhala m'chipatala muja, achira?"

"Sindikudziwa."

"Sudziwa? Nanga zonse zija?"

"Sindinganame, atate. Akudwala kwambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti mankhwala akulowa ali amoyo. Mukawatenga mawa, mwawadula pakati. Ndipo kwa bambo ajawo, zonse m'botolo limodzi, palibe amene adzawerenge kalikonse."

Ndikanakonda akanandiuza kuti achira. Alamu anali otsimikiza, bambo wa ku Chawama anali wotsimikiza, ndipo yekhayo amene anawerenga ndi kufunsa ndiye ankati sindikudziwa. Ndinaganiza za mmene anakwezera jekeseni kuwindo, anthu akumuseka, iye osafulumira. Ndinaganizanso za dzanja lotentha lija.

"Ndiye muchita bwanji?" anafunsa mkazi wanga.

Kukanira alamu sikunali vuto, ndikanatha kuwakanira kuyambira ku Kalingalinga mpaka ku Chawama osapuma. Vuto linali akulu anga. Ndinkadzidziwa. Ndikafika pabedi paja, vaneti ili panja pa geti, kapena ngakhale ili kunyumba yoti ndikhoza kukaitenga, iwo n'kundigwiranso padzanja n'kunena kuti mng'ono wanga, ndiwanyamula.

Ndinene pano kuti wina asadzandifunse. Akulu anga anatuluka m'chipatala muja ndi miyendo yawo, ataonda ngati ndodo yowotcherera, ndipo anakhala zaka zina zambiri. Alamu mpaka lero amati botolo loyamba lija ndi limene linagwira ntchito, oyerawo ankangotsuka. Sindiwatsutsanso. Mwana wawo wachiwiri atadwala, anabwera okha kudzafunsa kuti nesi wathu ali mu wodi iti. Koma madzulo amenewo palibe amene ankadziwa zimenezi.

M'mawa ndinadzuka kukuzizira, ndinatenga jeke ndi sipanala. Ndinakweza vaneti, ndinamasula matayala onse akumbuyo, n'kuikhazika pa mabuloko. Matayalawo ndinawagubuduza mpaka kwa kalipentala uja anandiseka, ndinamuuza kuti awatsekere m'shedi mwake, ndipo asandipatse ngakhale nditabwera ndikutukwana.

"Ba welda, mwapenga?"

"Tseka chabe. Kiyi upatse akazi ako."

Ndinasamba m'manja, ndinatenga fulasiki ya phala imene mkazi wanga anakonza, n'kuyamba wapansi. Alamu ndinawapeza pa benchi panja pa wodi, atamanga kale zovala za amuna awo m'chitenje. Anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Vaneti ili kuti?"

"Ili pa mabuloko."

"Yawonongeka?"

"Iyayi, mulamu. Ndachotsa matayala ndekha."

Anayamba kukuwa. Ndinawapatsa fulasiki kuti agwire, ndipo anailandira akukuwabe. Ndinalowa mu wodi, ndinakoka mpando pafupi ndi bedi, pansi pa botolo loyera lija, n'kupereka dzanja langa kwa akulu anga kuti aligwire.